Makoswe a Bambo Arcanjo

A Luís anatuluka m'kanyumba kosungira mankhwala a ng'ombe atanyamula chikwere cha waya, nachiponya pakati pa bwalo ngati chawaotcha. M'katimo munali makoswe atatu onenepa, a ubweya wosalala. Anathamangira mbali imodzi n'kuunjikana.

"Bwerani muone nonse," anatero. "Alamu, dzukani mudzaone ziweto za amuna anu."

Cristina anali pakhonde akupinda malaya a bambo ake. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwalirireni Bambo Arcanjo, amene anagwa mwadzidzidzi m'dimba la kachewere khasu lili m'manja, ndipo abale anali kutulutsa katundu wa malemu kuti aliyense amuone. Misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri inali mawa lake. Amayi ake, a Benedita, anali pamphasa atafunda kapulana wakuda. Sanadzuke. Anayang'ana chikwerecho kamodzi n'kuweramitsa mutu, ndipo Cristina anazindikira pomwepo kuti kwa amayi ake sichinali chachilendo.

A Luís, mng'ono wa malemu, anabwereranso m'kanyumbamo. Ulendo uno anatuluka ndi kabokosi ndi pepala. Anakhuthulira kabokosiko pampando. Munali tisingano toonda ngati tsitsi, kalikonse m'kapepala kakekake. Papepala lalikululo panali chithunzi cha dzanja la khoswe, ndi kadontho kakuda pamfundo.

Anatola kasingano kamodzi n'kukakweza m'mwamba.

"Singano yopanda diso imasoka chiyani? Ndiuzeni, inu azimayi osoka. Ine ndinasambitsa nawo thupi la achimwene. Zala zonse zipsera za mano. Ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, koma lero ulemu watha."

Azakhali a Perpétua, mlongo wa malemu, anachita chizindikiro cha mtanda. "Ndiye kachewere uja ankangobereka chaka ndi chaka..."

"Inde," anatero a Luís. "Nkhokwe ya a Pita, oyandikana nafewa, inatha mu Disembala, Natale isanakwane. Yanga inatha. Ya pano yokha sinkatha. Munthu woweta makoswe ndi wa mfumba, amawatuma kukakoka chimanga m'nkhokwe za anzake. Ndipo singano tonse tikudziwa kumene zimapezeka: m'thupi mwa munthu wolodzedwa. Wina akaitane a katekisita. Ine sindingakagwade pa misa ya mfiti."

"Tiyu, mukunena za bambo anga," anatero Cristina kwa bambo ake aang'onowo.

"Ndikunena za mkulu wanga. Ndinamudziwa iwe usanabadwe."

Cristina anatsika pakhonde n'kutola pepala lija. Pepalalo analidziwa. Anali iye amene analitumiza.

Mlongo wake wamng'ono, Nelson, ankayendetsa kamiyawo, galimoto yaikulu ya katundu, pamsewu wa Tete ndi Beira. Kumeneko anaphunzira kusuta kristali, timiyala toyera ngati galasi lophwanyika, timene oyendetsa ena amasuta kuti asagone panjira. Anabwerera kumudzi mvula ili mkati, atatha thupi, maso atalowa. Anthu anauzidwa kuti ndi malungo aakulu, ndi kuti wabwera kudzathandiza bambo ake kudimba. Zoona zake ankazidziwa anthu anayi okha a m'nyumbamo.

Bambo Arcanjo, amene anagwira ntchito yobaya ng'ombe katemera zaka makumi atatu, anaimbira Cristina ku Beira, kumene ankayeza magazi mu laboratoriyo ya chipatala. "Iwe wa kwa madokotala, palibe mankhwala a nthenda iyi?" Tsikulo Cristina anali atatopa. Anawatumizira patelefoni nkhani imene anaiwerenga: ofufuza a kunja ankapatsa makoswe mankhwala otere mpaka makoswewo ankadina okha kachitsulo kuti alandire ena, kenako ankawabaya kasingano koonda pamfundo ya dzanja, ndipo ena mwa iwo ankachepetsa kudinako. Pansi pake analemba kuti, "Awa ndi makoswe chabe, Ababa. Pa anthu sizinatsimikizike." Bambo ake anaimbanso katatu kufunsa pamene kadonthoko kali kwenikweni. Iye anayankha kamodzi.

Cristina anagwira amayi ake pamkono n'kulowa nawo m'nyumba. Anatseka chitseko.

"Amayi, mwamva zimene akunena panjapo?"

"Ndili ndi makutu."

"Ndiye tulukani mukawauze."

"Ndinalumbira." A Benedita anakhala pabedi n'kusalaza bulangete ndi chikhatho, ngakhale linali losalala kale. "Bambo ako anati mwanayu akadzachira asadzapeze dzina lake litagwa m'matope. Anandigwiritsa korona. Ukufuna ndiphwanye lumbiro thupi lawo lisanazizire m'dothi?"

"Ndiye dzina lawo ndilo ligwe m'matope? Munthu wotsegula kapela kuti anthu apemphere Lamulungu lililonse? Mawa sipakhala misa, Amayi. Mkuja a Pita abwera kudzafuna chimanga chawo. Pakutha pa mwezi anthu aziti inunso mumadziwa, ndipo palibe mayi adzakubwerekeni mchere."

"Iwo agona, mwana wanga. Uyu ali moyo."

"Ali moyo n'kukhala phee, bambo ake akutchedwa mfiti."

"Usamukankhe. Wakhala miyezi inayi osakhudza zinthuzo. Ukamukankha agwera komweko."

Cristina anatuluka. Podutsa pabwalo anaona azakhali a Perpétua, amene aja anachita chizindikiro cha mtanda, akuponya timtedza tiwiri m'chikwere mwakabisira, nkhope atayang'ana kwina.

Nelson anamupeza kuseri kwa khola la ng'ombe akuwaza nkhuni za olira. Nkhunizo zinali zokwana kale, mulu wofika m'chiuno, koma iye ankangowazabe.

"Ika nkhwangwayo pansi."

"Ndamva zonse, mana. Musandibwerezere." Mana ndi mmene ankamuitanira mlongo wake wamkuluyo.

"Wamva, ndiye uli kuno?"

"Ndipite kukatani?"

"Ukanene kuti singanozo zinali za iwe."

Nelson anakhoma nkhwangwa pachitsa. "Ndikanena lero, mawa zafika ku Ulongwe. Mkuja zafika ku Tete. Ndani adzandipatsenso makiyi a kamiyawo? Mwinanso apolisi abwera kudzafunsa amene ankandigulitsa. Inu mukwera shapa Lolemba kubwerera ku Beira, mukavala malaya anu oyera. Ine nditsala pano, ana akundiloza chala."

"Akuloza manda a Ababa tsopano lino."

"Manda samva."

Cristina anamumenya mbama. Sanaganize, dzanja linangopita. Ng'ombe ina inadzidzimuka m'kholamo.

Nelson anagwira tsaya lake n'kuseka pang'ono. "Mwabwera ndi dzanja, mana. Pamene ndinkasanza, ndikukanda makoma, ndikuona anthu padenga, dzanja limeneli linali kuti? Munatumiza pepala. Mdala anapalasa njinga mpaka ku Ulongwe kukalisindikiza, n'kupita ku Tete kukasaka singanozo. Ankakuimbirani, inu muli bize ndi magazi a anthu ena."

"Ndinawauza kuti ndi makoswe chabe."

"Ndiye anakagwira makoswe. Munkafuna atani?"

"Makoswe a m'nkhani ija anali ozolowera mankhwala, Nelson. Awa a Ababa ankasuta chiyani? Akanaphunzirapo chiyani? Munthu wamkulu kulumidwa zala zonse chifukwa cha zopanda mutu, ndipo palibe mmodzi wa inu anandiuza."

"Mukanayankha foni mukanawauza nokha."

Mawuwo anamulasa, koma sanafune kuti Nelson aone. Anatembenuka.

"A katekisita akafika ndikukuyembekezera pabwalo. Ukapanda kubwera, usadzati sindinakuuze."

A katekisita Arlindo anafika dzuwa lili paliwombo, atamanga mwendo wa thalauza ndi mphira kuti usakodwe m'tcheni la njinga. Anali munthu wosafulumira. Anapereka moni kwa aliyense, anagwada kwa namfedwa, kenako anakhala pampando n'kuyang'ana makoswe aja nthawi yaitali. Anthu anali atachuluka. Oyandikana nawo, amene m'mawa anangobwera kudzapepesa, tsopano anali atadzaza mpaka kumpanda. A Pita anakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo.

A Luís anafotokoza zonse kachiwiri, ndipo ulendo uno nkhokwe zotha zinali zisanu.

"Ine Arcanjo ndinaphunzira naye ku Fonte Boa," anatero a katekisita. "Sindinamuonepo ndi chithumwa. Koma sindingabise kuti izi sindikuzimvetsa. Ndikapita kwa a padiri ndi nkhani yotere, osadziwa poyankha, adzati misa idikire mpaka zifufuzidwe. Ndipo misa ikadikira, mukudziwa nokha zimene mudzi udzanene. Mayi Benedita, muli ndi mawu?"

A Benedita anapukusa mutu. Mayi wina woyandikana nawo anawakokera kapulana kumapazi, pamene mphepo inkawomba.

Cristina anaimirira. Anayang'ana kumbali ya khola. Kunalibe munthu.

"Makoswewo ndi anga," anatero. "Ndi a ntchito yanga ya ku laboratoriyo. Ndinapempha Ababa kuti andisungire."

A Luís anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ku Beira makoswe anatha? Mzinda wonse uja, ndi doko lake, mpaka kudzaweta ku Angónia? Mwana iwe, sukulu inakuphunzitsa zambiri koma kunama sinakuphunzitse."

Anthu ena anaseka nawo. A katekisita sanaseke. "Cristina, ngati ndi ako, singanozi n'zochitira chiyani?"

"N'zochiritsira. Ku mayiko ena amabaya tisingano totere pamalo ena a thupi."

"Kuchiritsa ndani?" anafunsa a Pita. "Khoswe akadwala timamuchiritsa? Ife timamupha."

"Wodwalayo ndani pano?" anawonjeza a Luís. "Tchula. Ngati palibe, khala pansi akulu alankhule."

Cristina anamva amayi ake akunong'ona dzina lake. Anaona mikanda ya korona ikuyenda m'zala zawo mofulumira. Anaganiza za bambo ake akupalasa njinga kukwera chitunda cha ku Ulongwe, telefoni ili m'thumba la malaya, kuti akasindikize pepala limene mwana wawo anawaponyera ngati fupa. Mkwiyo unamugwira, ndipo sanathenso kusiyanitsa amene ankamukwiyira.

"Wodwalayo ndi Nelson," anatero. "Sanadwale malungo. Ankasuta kristali pamsewu, ndipo anatsala pang'ono kupenga. Ine ndinatumizira Ababa pepala ilo, lonena za anthu amene ankayesa singano pa makoswe ozolowera mankhwala otere. Ababa ankafuna kupulumutsa mwana wawo. Nkhokwe zanu sanazikhudze. Yanu, tiyu, inatha chifukwa munagulitsa chimanga ku Domwe chisanaume bwino, ndipo matumba awiri amene munadya mu njala anachokera m'nyumba ino."

A Benedita anafunditsa nkhope yawo.

A Luís anachita manyazi kanthawi kochepa chabe. "Mwamva? Akukankhira mlongo wake kuti ayeretse mfiti. Chabwino. Mnyamatayo abwere. Ngati ankabayidwa singano miyezi inayi, tione zipsera."

"Ndili pano."

Nelson anali ataima pakona ya nyumba, zinyalala za nkhuni zili m'tsitsi. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, osayang'ana mlongo wake. Anapinda malaya n'kutambasula manja onse awiri pamaso pa a katekisita. Khungu linali losalala.

"Mwaona," anatero a Luís. "Palibe ngakhale kadontho."

"Palibe chifukwa sanandibaye," anatero Nelson. Mawu ake anali otsika, moti a kumpanda anasendera. "Zimene anena mana n'zoona. Ndinkasuta. Ababa anagula singanozo, koma anati iwo anazolowera chikopa cha ng'ombe, dzanja lawo n'lolemera. Anati ayambe aphunzira pa khoswe, monga anachitira a m'pepalawo. Anati tsiku limene adzabaye khoswe osalira, ndiye adzandibaya ine." Anatsitsa manja ake. "Makoswewo sanasiye kulira. Ankawaluma tsiku lililonse. Akatero ankawapepesa ndi mtedza."

Munthu wina kumbuyo anaseka, kenako anasiya msanga. Azakhali a Perpétua anayamba kulira mwakachetechete.

"Ndiye unasiya bwanji kusuta?" anafunsa a katekisita.

"Sindikudziwa ngati ndasiya. Chilakolako chikandigwira, ankandikhazika pansi n'kudina ndi chala chachikulu pamfundo apa, pamene pali kadontho papepalapo. Ankati poyembekezera makoswe tiyambe ndi chala. Ankagwira mpaka atatha korona yonse. Nthawi zina ziwiri."

A katekisita anatola kabokosi kaja, anabwezeramo tisingano timodzitimodzi, n'kukapereka m'manja mwa a Benedita.

"Misa ilipo mawa, ola lachisanu ndi chiwiri. Amene ali ndi mlandu ndi Arcanjo aunene tsopano, ndili pano."

A Pita anavala chipewa chawo, anawerama pamaso pa namfedwa n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Tinalankhula ndi njala." Ena anayamba kutuluka, awiriawiri, akunong'onezana. Cristina anaona kuti maso amene m'mawa anali pa chikwere tsopano anali pa Nelson. Mayi wina anakokera mwana wake wamkazi kumbali pamene Nelson ankadutsa.

A Luís sanapepese. "Chabwino, sanali mfiti. Koma anatibisira wamisala m'banja. Dimba lija musaganize kuti tilisiya m'manja mwa wosuta miyala. Nkhaniyo tidzaikamba." Ananyamula chikwere n'kulowera nacho kumtsinje. Palibe anawaletsa.

A Benedita analowa m'nyumba osamuyang'ana Cristina. Iye anawatsatira mpaka pakhomo.

"Amayi."

"Misa ilipo. Wapeza chimene unkafuna."

"Munkafuna ndikhale chete?"

"Ndinkafuna anene yekha. Akanabwera. Anali pakona apo, akusonkhanitsa mtima. Iwe sunadikire, sunayambe wadikirapo." Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Cristina anabwerera pakhonde n'kupitiriza kupinda malaya. Anapinda limodzi katatu. Sanadziwe ngati Nelson akanabweradi, ndipo anazindikira kuti sadzadziwa.

Dzuwa litapendeka, mphepo ya Juni inayamba kutsika m'mapiri. Azimayi anapita kumjigo. Cristina anazungulira kuseri kwa nyumba kukatenga zovala pachingwe, ndipo anapeza Nelson atakhala pa njerwa, atatsamira khoma. Bondo lake linkagwedezeka lokha. Ankakukuta mano, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Pambali pake panali chikwama chaching'ono, chotseka kale.

"Ukupita kuti?"

"Shapa yomaliza ya ku Ulongwe sinadutse."

"Ku Ulongwe kuli chiyani?"

"Kuli munthu amene ndikumudziwa." Sanabise. "Pano ndatha, mana. Mwandimaliza bwinobwino."

"Ukapita, a tiyu apambana."

"Apambane. Inu mwapambana kale masana aja."

Cristina anafuna kumukalipira. Mawu anali okonzeka, ambiri, akuthwa. Koma anayang'ana bondo lija likugwedezeka, ndipo anaika zovala pansi. Anakoka njerwa ina n'kukhala pafupi naye.

"Sindikupepesa chifukwa cha Ababa. Koma ndinalakwa osakudikira. Bweretsa dzanja."

"Inu simukhulupirira zimenezi."

"Sindikudziwa ngati zimagwira ntchito. A m'pepalawonso sankadziwa bwino. Bweretsa."

Nelson anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kumsewu. Patali panamveka hutala ya shapa ikuitana okwera. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, chikhatho chikuyang'ana kumwamba. Cristina anafunafuna malo aja pamfundo, mbali ya chala chaching'ono, n'kudinapo.

Nelson anabweza dzanja msanga.

"Osati choncho."

"Ndaphonya malo?"

"Malo ndi omwewo. Manja anu ndi ozizira." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ababa sankandigwira ndi manja ozizira. Ankayamba awaika m'khwapa, n'kudikira. Ine ndikutukwana, ndikuti fulumirani mdala, iwo ali phee, akuti ngakhale ng'ombe suigwira bere ndi dzanja la chisanu."

Cristina anapingasa mikono, analowetsa manja ake m'khwapa, n'kukhala choncho. Shapa inadutsa kumsewu, fumbi lake linakwera n'kutsika. Nelson anasiya dzanja lake pabondo, lotsegula, akudikira.